Funsani Mmisiri: Chitsulo Chouma Kunja, Chofewa Mkati

Mwezi uno makalata abwera ngati munachita kupangana. Wachigayo, wakabaza, woumba njerwa, onse kulira kwake n'kumodzi: zitsulo zikudyeka msanga, tizitani kuti ziume? Ndasankhapo 7, ndipo ena ndawadula michira chifukwa malo ndi ochepa. Inu amene munafunsa za mijigo mundipirire mpaka mwezi wamawa.

Amisiri, ndili ndi chigayo cha dizilo. Mahamala ogula akwera mtengo, ndiye mnyamata wina wowotcherera pamsika anandidulira ena kuchokera ku fulatibala. Anawaotcha mpaka psuu, n'kuwaviika m'madzi, n'kunditsimikizira kuti watempala. Mwezi sunathe, makona onse afafanizika, angokhala ngati sopo wosambira kale. Kodi anandibera, kapena madzi ake ndiwo anali olakwika?
*Mwini chigayo, Mponela*

Bambo, mnyamatayo sanakubereni, ndipo madziwo alibe mlandu. Iye anachita zimene anaona akuluakulu akuchita, kungoti palibe anamuuza kuti si chitsulo chilichonse chimene chimamva madzi. Chimene chimaumitsa chitsulo ndi kaboni amene ali mkati mwake, yemwe uja wadzaza m'makala. Fulatibala ya m'mahadiweya, imene timapangira mageti ndi mafelemu a mawindo, ili ndi kaboni wochepa, cha m'ma 0.2 pa 100 kapena kucheperapo. Muiotche kakhumi, muiviike m'madzi a pachitsime kapena a mchere, tupa lidzaidyabe ngati chinangwa. Kuti chitsulo chiume bwino chikaviikidwa, kaboni wake afike cha m'ma 0.4 kupita m'tsogolo. Sipuling'i ya lole ili ndi pafupifupi 0.6, ndipo tupa lenilenilo, lija ena amati fayilo, limapitirira 1.

Njira yodziwira ndi yaulere. Gunditsani chitsulocho pa girayinda, pamalo a mthunzi. Chosowa kaboni chimatulutsa mbaliwali zazitali, zowongoka, zongozima mwakachetechete. Cha kaboni wambiri mbaliwali zake zimaphulika kumapeto, kuchita nthambinthambi ngati ngayaye za chimanga.

Chimene chimachitika mkatimo n'chakuti chitsulo chikatentha kufika madigiri cha m'ma 800, kaboni amamwazika mwa icho monga mchere m'madzi, ngakhale chitsulocho sichinasungunuke. Mukachiziziritsa mwadzidzidzi, kaboni uja amasowa nthawi yobwerera m'malo mwake, amapanikizika pomwe ali, ndipo chitsulo chimauma gwa. Ophunzira amachitcha martensite, potengera dzina la Adolf Martens, Mjeremani amene ankaunika zitsulo ndi maikulosikopu kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Vuto ndi lakuti kuuma kumeneku sikuyenda kokha, kumabwera ndi kusweka. Zikanakhala kuti mnyamata uja anapeza chitsulo chabwino n'kuumitsa hamala yonse, bwenzi kalata yanu ili ina, mwinanso mukuilembera kuchipatala. Mahamala amazungulira pafupifupi maulendo 3,000 pa mphindi. Hamala youma thupi lonse ikakumana ndi bawuti imene inabisala m'thumba la chimanga, imaduka pabowo la pini, chidutswacho n'kung'amba sefa, nthawi zina n'kuboola chivundikiro chomwe. Hamala yabwino ikhale ngati nzimbe: khungu lolimba pamene pakumenyedwa, mkati mopirira.

Kwa inu ndikanasankha njira iyi. Mahamala adulidwe ku fulatibala yomweyo, koma makona ake awotchereredwe ndi marodi oumitsa pamwamba, amene amati hardfacing. Mtengo wake ndi wokwera kuposa marodi wamba, koma rodi imodzi imakwanira makona angapo. Aikepo muyalo wochindikala mamilimita 3, osapitirira miyalo iwiri, chifukwa wachitatu umagamuka. Wogulitsa mumuuze kuti mukufuna marodi opirira kumenyedwa, osati ouma kwambiri aja a pamapulawo, popeza chilichonse chogamuka pahamala chimathera mu ufa wa anthu. Pabowo asayandikirepo.

Njira ina ndi ya sipuling'i yakale. Aiotche, aikwirire m'phulusa usiku wonse kuti ifewe, adule, aboole, kenako aotche nsonga zokha n'kuziviika mu oyilo, osati m'madzi. Akatero apukute pouma paja kuti pawale, atenthetsenso pang'onopang'ono mpaka paoneke mtundu wofiirira wopita ku buluu, asiye zizizire zokha. Koma sipuling'i yakale imabisa ming'alu, ndiye aiyang'anitsitse asanatayepo thukuta.

Njira iliyonse imene mwasankha, mahamala ayezedwe pasikelo limodzilimodzi, ndipo oyang'anizana alemere mofanana. Ndaona maberingi ambiri akufa chifukwa cha magalamu ochepa amene wina anati alibe kanthu. Komanso chimene chikudya mahamala anu kwambiri si chimanga, ndi mchenga. Makaka oyanika pansi ndi chimanga chosapeta bwino zimanola chitsulo tsiku lonse. Ikani maginito a sipika yakale pakamwa pa chigayo, ndipo mahamala muziwatembenuza makona asanatheretu.

Malume, ndimaumba njerwa za dothi ndi simenti ndi makina a manja aja okanikiza. Mapini a pachigwiriro, a mamilimita 25, amadyeka miyezi iwiri iliyonse, makina n'kuyamba kugwedera, njerwa n'kumatuluka zosiyana msinkhu. Agogo anga ankati kale anthu ankaphika chitsulo m'mafupa. Ndi zoona, kapena ndi nthano za pamoto?
*Woumba njerwa, Chipata*

Agogo anu ankanena zoona, ndipo ntchito yanuyi ndi imene njira imeneyo inabadwira. Azungu amati case hardening. Chitsulo chosowa kaboni mumachidyetsa kaboni pakhungu pokha, ndiye chikaviikidwa khungulo limauma, mkati n'kukhalabe mofewa. Magiya a m'giyabokosi ndi mapini a pisitoni ambiri amapangidwa chonchi, kungoti mafakitale amagwiritsa ntchito gasi m'ng'anjo zotseka. Hayward Harvey wa ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ankaumitsa zitsulo zotchinjiriza sitima zankhondo poziyala ndi makala n'kuzisiya m'ng'anjo masabata athunthu. Inu simufuna masabata, tsiku limodzi likukwanirani.

Pezani chidutswa cha paipi yakuda yochindikala, mutseke mbali imodzi powotcherera. Ndati yakuda. Ya galavanayizi ikapsa imatulutsa utsi woyera wa zinki, ndipo usiku wake mudzanjenjemera ngati mwagwidwa malungo. Makala a mtengo wolimba muwasinje akhale ngati mphale, fumbi mulisefe. Mafupa a ng'ombe ayambe aotchedwa mpaka ade bii, kenako asinjidwe n'kusakanizidwa ndi makalawo. Pa makapu 9 a zosakanizazo thiranipo kapu 1 ya soda wochapira, amene pa paketi amalemba sodium carbonate. Mabuku akale amatchula barium carbonate, koma ameneyo ndi poizoni, musavutike kumufunafuna. Makoko a mazira osinja nawonso amathandiza soda akasowa.

Yalani makala pansi, imikani mapini mosagundana, pakati pawo ndiponso pakati pa iwo ndi khoma la paipi pakhale mpata wa zala ziwiri, ndipo mudzaze makala mukugogoda paipi kuti akhazikike. Muikemonso kachidutswa ka chitsulo chomwecho, kotalika ngati chala. Ntchito yake muimva patsogolo. Chivundikiro chingokhala pamwamba, m'mbali mwake mumate dothi la pachulu. Musachiwotcherere. Mpweya wa mkati umafufuma ukatentha ndipo uyenera kupeza potulukira.

Anthu ambiri amaganiza kuti makala amalowa m'chitsulo pokhudzana nacho. Ayi. Kampweya kotsekeredwa m'paipi kamakumana ndi makala otentha n'kusanduka carbon monoxide, ndipo gasi ameneyu ndiye amanyamula kaboni kukamutula pachitsulo. Soda ntchito yake n'kuchulukitsa gasiyo. Ndi gasi yemwe uja amapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba miyezi yozizira, choncho ntchito yonseyi ichitikire pabwalo.

Tsono moto. Paipi ifike madigiri 900 mpaka 950, ndiko kuti isiye kufiira kwa magazi, ifike mtundu wa lalanje lakupsa. Mtunduwo muziuona pamthunzi, chifukwa padzuwa maso amanama ndipo mudzapsereza. Mvukuto wa zikopa ungathe, koma mikono idzakutherani. Fani ya galimoto yolumikiza ku batire imachita bwino. Nthawi muyambe kuwerenga paipi yonse itafiira mofanana, osati pamene mwakoleza moto. Kaboni amalowa monga mchere mu nyama yofutsa: pamwamba msanga, mkati mozengereza. Maola 4 amakupatsani khungu la pafupifupi milimita 1 moto ukakhala wosasinthasintha, ndipo pamoto wa pakhomo nthawi zambiri limachepera pamenepo. Kuti khungulo lichindikale kawiri, nthawi simuiwirikiza kawiri, mumaiwirikiza kanayi, maola 16. Pa mapini anu maola 5 kapena 6 ndi okwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Moto wakunjawo umadya makala ambiri, ndiye musakolezere pini imodzi. Sonkhanitsani mapini a chaka chonse muphike kamodzi.

Ena amatsanulira mapini m'madzi molunjika kuchokera m'paipi. Zimauma ndithu, koma chitsulo chimene chakhala maola ambiri pamoto wotero chimakhala ndi njere zikuluzikulu mkati, ndipo sichichedwa kuthyoka. Ine ndimasiya paipi izizire yokha mpaka m'mawa. Ndikatulutsa mapini ndimawaotchanso limodzilimodzi, ndikuyesa ndi maginito omangirira kuwaya. Pa madigiri 770 chitsulo chimasiya kugwira maginito. Chikatero ndimawonjezera moto pang'ono pokha, n'kuviika pini m'madzi choimirira, ndikuiyendetsa m'mwamba ndi pansi. Mukaigoneka, mbali yoyamba kukhudza madzi imakoka inzake, pini n'kutuluka yopindika ngati nthochi. Pomaliza ikhale ola limodzi kapena awiri pa madigiri 180 kuti ukali uchepe. Uvuni wa buledi umatha ntchito imeneyi, bola mayi a kunyumba avomere.

Kachidutswa kaja kadutse monse mmene mapini adutsa. Kamangeni pa vayisi, mukaphimbe ndi chiguduli, muvale magalasi, n'kukamenya ndi nyundo mpaka kathyoke. Pothyokapo mudzaona mphete yotuwa kuzungulira m'mbali, yosalala ngati mbale yadothi yosweka, ndipo mkati mwake mokakala, mokokeka, moonetsa kuti chitsulo chinayamba chalimbalimba chisanagonje. Mpheteyo ndiyo khungu lanu, mutha kuliyeza ndi rula. Ndathyola tizidutswa totere kosawerengeka, koma mpaka lero ndimakaonetsa aliyense amene ali pafupi. Pa pini yeniyeniyo yendetsani tupa: likatsetsereka n'kumalira ngati pagalasi, zatheka. M'mafakitale kuuma kotere amakuyeza ndi makina a Rockwell, ndipo kumakhala pakati pa 58 ndi 62.

Pamene pali mazinga a nati kapena kabowo ka sipiliti pini pasadye kaboni, chifukwa chitsulo chopyapyala chimauma mpaka mkati n'kumabenthuka. Mafakitale amakutapo mkuwa. Inu matanipo dothi lochindikala liume musanalonge, kapena siyani malowo onenepa, mudzasemepo pa lefu, makina osemera zitsulo aja, mapini atazizira m'paipi koma musanawaviike.

Ndipo mukaumitsa pini, kudyeka sikuthawa, kumasamukira kwa mnzake. Musalole kuti kusamukire pabowo la chigwiriro. Ikanipo bushi ya buronzi kapena ya chitsulo chofewa, yoti muzigula motchipa n'kumasintha, ndipo girisi azilowa tsiku lililonse kuti azikankhira kunja fumbi la simenti.

Achimwene, kuno ku wekishopu kwathu madala ena amakamba za ufa woyera umene ankasungunula m'mphika, chitsulo n'kuuma m'theka la ola. Ndikufuna ndidzagule ndikamabwera kumudzi pa Khirisimasi. Dzina lake ndi chiyani?
*Wowotcherera, Johannesburg*

Dzina lake ndi sodium cyanide, ndipo ndakutchulirani kuti mukaliona pachitini muthawe. Madalawo sakunama: mchere umenewo ukasungunuka pa madigiri opitirira 800 umapereka kaboni ndi nayitulojeni nthawi imodzi, ndipo m'theka la ola khungu lopyapyala limakhala lapangika. Koma kachidutswa kochepa kwambiri kamapha munthu wamkulu. Ukakumana ndi asidi, ngakhale wa m'batire, umatulutsa gasi wakupha. Dontho la madzi likagwera mumphika wosungunukawo, mchere umathovukira kumaso. Ndipo madzi oviikamo mukataya kuti? Kumudzi kuli ana, nkhuku ndi chitsime. Mafakitale ambiri anausiya kale, ndipo otsalawo amaugwira ndi zilolezo.

Pali maufa ena ogulitsidwa m'zitini, a mtundu wa Kasenit wakale uja, amene mumagubuduzamo chitsulo chofiira, n'kuchiotchanso, n'kuchiviika. Amenewo mutha kubweretsa mukawapeza, muwerenge chitini ndipo utsi wake musaupume. Khungu lake n'lopyapyala ngati pepala, lokwanira tizitsulo ting'onoting'ono monga mutu wa sikuluwu, osati mapini onyamula katundu. Za shuga ndi oyilo wakuda wa m'injini zimene ena amalumbirira, chitsulo chimatuluka chakuda bwino, koma tupa silinamizidwa ndi mtundu.

Bambo, ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Sipuloketi yakumbuyo imene inabwera ndi njinga inakhala chaka. Zimene ndikugula pano miyezi iwiri mano apindika ngati minga ya kankhande. Mnzanga akuti tiiotche ndi gasi tiithire madzi. Titero?
*Wakabaza, Mchesi, Lilongwe*

Musatero musanaiyese pa girayinda monga ndauzira bambo a ku Mponela aja. Sipuloketi zambiri zotchipa amazidinda kuchokera ku chitsulo chosowa kaboni, ndipo gasi mungowononga. Zabwino zimapangidwa ndi chitsulo cha kaboni wa 0.45, chimene amalemba C45 kapena S45C, ndipo zina mano ake okha amaumitsidwa ndi magetsi. Amazinga manowo ndi koyilo ya mkuwa yodutsa magetsi osinthasintha mofulumira kwambiri, mano n'kufiira m'masekondi ochepa pakati pasanamve n'kutentha komwe, madzi n'kupopera nthawi yomweyo. Amati induction hardening. Mashafuti a mawilo a galimoto amaumitsidwanso chonchi. Sipuloketi yotere, ngati sanaipake utoto, mumaona kamzere kakuda kobiriwira kuzungulira m'munsi mwa mano.

Kuotcha ndi lawi la gasi ndi mchimwene wake wa njira imeneyi, ndipo pa chitsulo choyenera kumagwira. Koma dzanja la munthu silitenthetsa mano 40 mofanana. Ena adzauma, ena ayi, sipuloketi idzapindika, ndipo dzino louma mopitirira likadzathyoka mudzakhala mutanyamula munthu pamsewu wa M1.

Pogula, tengani katupa kakang'ono m'thumba. Pemphani wogulitsa kuti muyese pansonga ya dzino limodzi. Akakana, mwamva kale yankho. Chinanso, ndikukayikira tcheni chanu. Tcheni chakale chimatalika chifukwa mapini ake adyeka, ndiye sichikhalanso pansi pa mano, chimakwera n'kumawasema mpaka afanane nacho. Sinthani zitatu pamodzi: tcheni, sipuloketi yakutsogolo ndi yakumbuyo. Ndikudziwa kuti tsiku logulalo thumba limalira. Girisi wokhuthala pamisewu yafumbi amasanduka phala lonolera, choncho tsukani tcheni ndi parafini sabata iliyonse, muthire oyilo wa giyabokosi pang'ono, wotsala mupukute.

Amisiri, tinatumiza kirankishafuti ya pikapu ya dizilo kukagayitsa pa mamilimita 0.25, tinaika maberingi ake oyenera, koma patatha miyezi 4 injini yayambanso kugogoda. Titatsegula tapeza majenala, malo a shafuti ozungulira m'maberingi, akalikakalika. Oyilo anali bwino. Chalakwika n'chiyani?
*Makaniko, Mzuzu*

Shafutiyo sindinaigwire, koma poyamba ndikanafunsa kuti inaumitsidwa motani kufakitale. Ma kirankishafuti ena majenala ake amaumitsidwa ndi magetsi, ndipo kuuma kumalowa mamilimita angapo. Amenewo mutha kugaya pa 0.25, pa 0.50, khungu likadalipo. Ena amaumitsidwa ndi nayitulojeni. Njira imeneyi, nitriding, inakhazikitsidwa ndi Adolf Fry ku kampani ya Krupp ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Chitsulo chimakhala mu gasi wa amoniya pa madigiri 500 mpaka 550 kwa maola makumi angapo. Sichifiira kwenikweni ndipo sichiviikidwa, n'chifukwa chake sichipindika, ndipo khungu lake limauma kuposa la makala. Koma n'lopyapyala, kawirikawiri losapitirira theka la milimita. Pali mtundu wina wachangu wa m'mchere wosungunuka, Tufftride, umene khungu lake louma kwambiri silifika n'kuchindikala kwa tsitsi la munthu.

Kugaya pa 0.25 kumachotsa mamilimita 0.125 mbali iliyonse. Pa shafuti ya Tufftride khungu louma lonse lapita pamenepo, mwatsala ndi chitsulo chosatetezedwa chikulimbana ndi mphamvu ya dizilo. N'chifukwa chake mabuku a injini zina za Isuzu amalemba mosabisa kuti kirankishafuti yake isagayidwe, ikatha isinthidwe. Tsegulani buku la injini yanu muone. Kupezeka kwa maberingi a 0.25 m'shopu si chilolezo, opanga masipeya amapanga chilichonse chimene anthu akufunsa. Ngati buku likuloleza kugaya, yang'anani m'makona mwa majenala ngati ogayawo anasunga kupindika kwake, ndiponso ngati mabowo a oyilo anatsukidwa fumbi la mwala wogayira. Fumbi limenelo likatsalamo limatuluka injini ikangolira, n'kukalowa mu beringi yatsopano.

Bambo, tagula nsagwada zatsopano za makina ophwanya miyala. Maginito sakugwira, ndipo tupa likudya. Abwana akuti atigulitsa zabodza.
*Woyang'anira makina, Balaka*

Abwana akhazike mtima pansi, zimenezo ndiye zenizeni. Ndi chitsulo cha manganizi chimene Robert Hadfield anapeza ku Sheffield mu 1882: manganizi pafupifupi 13 pa 100, kaboni kupitirira 1 pang'ono. Maginito sachigwira. Chikakhala chatsopano pamwamba pake sipouma kwenikweni, koma mwala uliwonse ukachimenya pomenyedwapo pamauma, mpaka kuwirikiza kawiri kuuma kumene chinabwera nako, mkati muli chipirire. Khungu likadyeka, la pansi pake limauma m'malo mwake. Pa mphambano za njanji amaikapo chomwechi. Chimafuna nkhonya, pamchenga wongokhula popanda kumenya chimatha ngati chitsulo wamba.

Chimene chimadana nacho ndi moto. Chikakhalitsa pa madigiri opitirira 300 chimasanduka chosweka. Mukadzafuna kuwotcherera mano ake, musachitenthetse kaye monga timachitira ndi zitsulo zina. Gwiritsani marodi ake a manganizi, muwotcherere pang'onopang'ono mukudumphadumpha malo, chizizizira mpaka dzanja lizitha kukhala pafupi, ndipo utsi wake muupewe.

Amisiri, pini yokokera ngolo ya thirakitala yathu ikudyeka pakati, yachita khosi. Dalaivala akuti apite nayo kwa wosula aiumitse kuti isamathe. Ndimulole?
*Mayi wolima nzimbe, Dwangwa*

Mayi, musamulole.

Mu 1984 ndinali mnyamata wophunzira ntchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Pini ya ngolo yonyamula masamba inkadyeka monga yanuyi, ndipo ine, nditangophunzira kumene za moto ndi madzi, manja ankandiyabwa. Ndinatola shafuti yakale, n'kusema pini yokongola pa lefu, n'kuiotcha yonse, n'kuiviika m'madzi ozizira. Tupa linatsetsereka, ine n'kumadzimva kuti ndafikapo. Zobwezeranso pamoto kuti ukali uchepe sindinazilabadire, ndipo kapitawo sindinamufunse. Safunsa anadya phula. Tsiku lachitatu thirakitala ikukwera chitunda itadzaza, dalaivala anasintha giya, ngolo inakoka mwadzidzidzi, pini inangoti thyo ngati choko. Ngolo inabwerera chambuyo mpaka m'ngalande. Amayi awiri othyola tiyi anali atangopatuka kumene panjirayo. Pothyokapo panali posalala, ponyezimira, popanda pamene panapindikako ngakhale pang'ono.

Pini yofewa imachenjeza: imadyeka, imachita khosi, imapindika, munthu n'kuona. Youma imaoneka yatsopano mpaka tsiku lothyoka. Choncho chilichonse chimene moyo wa munthu wapachikikapo, pini yokokera, zitsulo za chiwongolero, za mabuleki, foloko ya njinga, ngowe yonyamulira katundu, chisapite pamoto wa pakhomo, ngakhale wa makala ndi mafupa umene ndafotokozera a ku Chipata aja.

Gulani pini yopangidwira ntchitoyo kwa ogulitsa zida za mathirakitala. Ikasowa, wa lefu akusemereni kuchokera ku chitsulo cha EN19T kapena EN24T. Chilembo T chikutanthauza kuti chitsulocho anachiumitsa kale n'kuchibweza kufakitale, ndiye asemere chomwecho osachiotchanso. Chitsulo cha konkire, Y25 kapena china chilichonse, asayerekeze. Yang'ananinso bowo la chokokera. Ngati lakula n'kukhala ngati dzira, pini imamenyeka nthawi iliyonse thirakitala ikanyamuka kapena kuima, ndipo kumenyekako ndiko kukuidya. Bowolo aliboole bwino aikemo bushi. Pini muziiyeza kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo lamulo langa ndi lakuti ya mamilimita 30 ikafika pa 27 itayidwe. Pakati pa thirakitala ndi ngolo pakhalenso tcheni chachitetezo, chomangidwa pamalo ena osati pa pini yomweyo.